Dzina Limene Chipo Anatchula

Kumidzi ya ku Kasenengwa, Amai Dainess Mbewe amadziwika ndi chikwama chawo chosokedwa ndi saka ya feteleza. M'menemo simusowa chitenje chochapa, sopo ndi kabotolo ka mafuta odzola. Kale anali mzamba, ndipo theka la anyamata amene lero amatukumuka pa golosale anabadwira m'manja mwawo. Kuchiritsira kunyumba kutaletsedwa, azamba ena anakwiya n'kupinda manja. Iwo anati ngati saloledwa kugwira mwana, agwira mayi. Tsopano ntchito yawo ndi yoperekeza. Amayendera wapakati, amamukalipira akamasenza nkhuni zolemera, amamukumbutsa tsiku la sikelo, ndipo nthawi ikakwana amapita naye ku kiliniki n'kukhala pambali pake akumusisita msana.

Pali mwambo umodzi umene amadana nawo poyera. Kwathu kuno, mkazi akachedwa kuchira, akuluakulu amati anayenda ndi mwamuna wina, ndipo mwana satuluka mpaka mayiyo atatchula dzina. Amai Dainess nawonso anafunsapo funso limeneli kwa zaka zambiri, ndi mtima wonse. Anasiya ataona mtsikana wina akutchula amuna atatu osalakwa, mwana n'kufa ndithu. Zimenezi zimawawawa mpaka lero, ndipo sabisa.

Chaka chatha, nyengo yotola thonje, Chipo mkazi wa Whiteson anayamba kumva matenda kusanache. Inali mimba yoyamba, mwamuna wake ali ku msika wa Kapata ku Chipata kogulitsa mtedza. Palibe anaitana Amai Dainess. Nkhaniyo anaimvera pachitsime dzuwa lili pamutu, ndipo chidebe chawo anachisiya pomwepo.

Anapeza Chipo ali pamphasa, thukuta lili kamukamu, apongozi ake atamukhalira kumutu pamodzi ndi amai ena awiri.

"Tchula, mwanawe," ankatero apongoziwo. "Tchula upulumuke. Ndani?"

Chipo ankangopukusa mutu. Akanatchula dzina lililonse, ukwati wake ukanathera pamphasa pomwepo. Akapitiriza kukhala chete, amaiwo akanadikira mpaka dzuwa kulowa, ndipo mwana sakanadikira nawo.

Amai Dainess anagwada, napapasa mimba ndi manja onse awiri. Mutu wa mwana unali m'mbali, osati kunsi.

"Amake Whiteson," anatero, "mwanayu wagona chopingasa. Angatchule mudzi wonse, satembenuka."

"Za m'nyumba mwanga ndi zanga," anayankha apongozi aja. "Inuyo simunkafunsa kodi? Mpongozi wa akulu anga munamufunsa ndinu."

"Ndinkafunsa. N'chifukwa chake ndikudziwa kuti mkazi pa ululu uwu angatchule ngakhale abambo ansembe. Tiyeni timunyamule."

Amake Whiteson sanali munthu woipa. Anali ndi mantha, ndipo mankhwala a mantha amene ankawadziwa anali funso lomwelo. Anakana kunyamula nawo, koma sanatseke chitseko.

Ngolo ya ng'ombe m'mudzimo inali imodzi, ya a Goodson, ndipo inali itadzaza mabelo a thonje opita kumsika. A Goodson anayamba kufotokoza za ogula amene sadikira munthu. Amai Dainess anawakumbutsa kuti iwonso anabadwa chotsogoza miyendo, ndipo amene anawakoka anali ndani. Thonje linatsitsidwa msanga, kupatula belo imodzi yoti Chipo atsamire.

Ulendowo unatenga maola awiri. Bampu lililonse Chipo ankaluma chitenje, Amai Dainess atamufungatira kumbuyo, akumupukuta nkhope, akumuuza nthawi yopuma mpweya ndi kumuletsa kutchima. Namwino wa pa kiliniki atangomuyeza anaitana ambulasi ya ku Chipata. Madzulo omwewo madokotala anamuchita opaleshoni, nabadwa mwana wamkazi wamoyo.

M'mawa mwake Amake Whiteson anafika pa minibasi, atanyamula fulasiki ya phala. Anapeza Amai Dainess pakhonde la wodi akuyanika matewera. Anapatsana moni, anafunsa za mwana, anayamika Mulungu. Koma sanalowe. Anaima pafupi, natsitsa mawu.

"Amai, tili awiri pano. M'ngolo muja, anatchula?"

Amai Dainess anafinya thewera lina, naliyanika bwinobwino. Mtima unawapsa, koma anamva chisoni kuposa mkwiyo, chifukwa funsolo linali lomwe iwo anaphunzitsa amai ambiri a m'mudzimo.

"Anatchula," anayankha. "Njira yonse."

"Ndani?"

"Amai ake. Amene anawaika m'manda iye ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Anawaitana kuchokera pakhomo panu mpaka pa kiliniki. Ndinkayankha ndine, poti amene anayenera kuyankha anatsala kumudzi akudikira dzina la mwamuna."

Amake Whiteson anayang'ana fulasiki ija. Anakonza duku lawo, ngakhale silinapendekeke, napukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Kenaka anafunsa motsitsa kuti bedi la mwana wawo Chipo ndi liti.