Nsapato za a Chidendene

Amuna anga ankasoka nsapato pakhonde la sitolo, moyang'anana ndi pokwerera basi. Anthu ankawatchula a Chidendene, chifukwa munthu akafika iwo ankayamba kumuyang'ana kumapazi, nkhope pambuyo. "Inu mumayenda ngati mukuthawa mlandu, taonani mmene yadyekera," ankatero, ndipo munthu ankavula nsapato uku akuseka.

Anadwala mtima zaka zisanu ndi chimodzi. Lachiwiri loyamba la mwezi tinkapita kuchipatala, m'chipinda cha kumapeto kwa khonde. Nesi wa mmenemo, mayi wamfupi wa mawu aakulu, ankawakweza pasikelo n'kuwadina mwendo ndi chala.

"Bambo, nsapato ikayamba kukuthinani musadikire tsiku lanu. Ndiye kuti madzi akudzaza m'thupi. Muzibwera."

"Nsapato kundithina ine? Manyazi ake ndingawaike kuti?" anayankha iwo.

Mliri utafika, m'chipinda muja anaikamo mabedi a odwala chifuwa chatsopanocho. Pachitseko anamata pepala loti odwala mtima adikire, adzauzidwa. Nesi uja anamusamutsira kutenti ya kugeti. Aliyense wobanika ankayamba walowa mutentimo, wachibale n'kutsala kunja kwa mpanda. Mnzawo wa amuna anga, wometa tsitsi, analowa momwemo, mkazi wake sanamuonenso.

Mwezi wachiwiri mapiritsi ochotsa madzi anatha.

"Ine kutenti ayi," anandiuza. "Ndikafere pakati pa anthu obisa nkhope, iwe uli kumpanda?"

Ine sinditha kukangana ndi munthu. Ndinangoyamba kuwalonda mapazi. Iwo anayamba kugona pampando, ati msana, atavala sokosi, ati kuzizira. M'mawa nsapato inkalowa bwinobwino. Ndikayang'anitsitsa ankagogoda pansi ndi chidendene.

"Waona, mayi? Mpata ulipo, ndi mbewa yomwe ingagonemo."

Ndinkakhulupirira nsapato ija kuposa maso anga.

Tsiku lina masana mwini sitolo anabwera akuthamanga. Anati agwa pabenchi, milomo yada. Tinawatengera kuchipatala pagalimoto yake.

"Akubanika? Kutenti," anatero mlonda wa pageti.

"Ndi mtima, achimwene. Buku lawo la kuchipatala ili."

Mawu anga ndi aang'ono kale, ndipo kansalu kakukamwa kanawameza. Mlonda anati aliyense ayambe wayezedwa, dokotala wa mtima amaona okhawo amene apezeka alibe kachilombo. Zotsatira zinkatenga masiku awiri. Pamene ankawakankha panjinga ya odwala, anatembenuka n'kundikwezera dzanja ngati akuimitsa basi.

Ndinakhala pamwala kunja kwa mpanda, buku lili pamwendo. Anamwalira tsiku lotsatira, dzuwa likupendeka. Zotsatira zinabwera pambuyo pake: mliri analibe.

Nesi uja ndiye ananditulutsira katundu wawo m'jumbo. Maso ake anali ofiira. Sanakweze mawu tsiku limenelo.

"Amayi, mapazi aja anali ngati mitsamiro. Nsapato inkalowa bwanji?"

Tinaitulutsa n'kusuzumira m'kati. Amuna anga anali ataing'amba m'mbali monse muwiri n'kuonjezera timizere tachikopa, katatu, kalikonse kachikopa chosiyana. Kunja anapaka polishi mpaka msoko osaoneka. Nesi anayendetsa chala pamsokopo.

Zaka makumi atatu ndinawaona akusoka, koma ntchito yosalala chotero sindinaionepo. Anaigwirira ine, kuti ndisawatengere kugeti kuja. Nsapatozo zili pansi pa mpando umene ankagonapo. Ndikamasesa ndimazinyamula, ndikatha n'kuzibwezera pomwepo.