Khutu la Bambo Yosiya

Funsani aliyense amene ankaonera makonsati a Lamulungu masana mu holo ya ku lokeshoni ya Harare, adzakuuzani kuti Bambo Yosiya Kaphamtengo gitala ankaidziwa. Zoona, ankaidziwa. Koma kuchuna, ayi ndithu, kunkawakanika.

Anachoka ku Dedza ali mnyamata, wapansi kudzera ku Tete, n'kudzapeza ntchito pa fakitale ina ku Msasa. Makina a kumeneko, phokoso lake losati masewera, anawadya makutu pang'onopang'ono. Zala zinatsala zamoyo, koma nsambo ya gitala itsike kapena ikwere, kwa iwo zonse zinali bwino. Komanso zaka zimenezo nsambo zinkasowa m'masitolo, anthu ankangomasula waya wa buleki ya njinga, waya woti ukangotenthedwa pang'ono wafwifwa kale.

Ndiye khutu lawo linali akazi awo, Mayi Lidiya, ogulitsa masamba ku Musika. Konsati isanayambe, mayiwo ankakhala pa benchi yakutsogolo n'kumang'ung'uza chapansipansi, liwu lomwe lija ankayambitsira nyimbo kutchalitchi. Bambo Yosiya ankapotokola kachitsulo komangitsira nsambo, maso ali pankhope ya akazi awo. Akachita tsinya, ndiye kuti sipanafike. Akamwetulira, basi pomwepo. Zikatero anzawo a m'gulumo, Jaime wa ku Tete ndi Laston, ankachunira magitala awo pa gitala imeneyo. Oonerera sankadziwa kanthu. Ankangokodolana, amvekere, “Taonani nkhalamba izi, kuyang'anana ngati atomerana dzulo!”

Nkhondo yomenyera ufulu wa dzikolo itafika povuta, mwana wawo mmodzi yekhayo, Hector, anachoka ngati akupita kumpira, osabwerako. Aliyense anadziwa kuti wawolokera ku Mozambique kukalowa gulu la anyamata a m'tchire, koma zotere sizinkanenedwa mokweza. Kuyambira pamenepo Mayi Lidiya anasiya kuimba. Kutchalitchi pakamwa tseke, pochapa zii, kuholo osapondako. Bambo Yosiya zinawaopsa kwambiri. Mwana anali atapita kale, tsopano ankaona mkazi naye akuwachoka ali m'nyumba momwemo.

“Amake Hector, tiyeni Lamulungu likubwerali,” anawapempha.

“Ndikatani? Mwana akugona pathengo, ine ndizikang'ung'uza nyimbo?”

Tsikulo litafika, Jaime anatambasula dzanja. “Bweretsani ndikuchunireni, achimwene.”

“Iyayi. Gitala iyi ili ndi wochuna wake.”

Makani a munthu ameneyu! Anapotokola okha zitsulo zija mmene anaonera, n'kuuza Laston kuti atsegule zitseko zonse, ati kukutentha. Kutentha kwanji mwezi wa Juni? Nkhani inali yakuti njira yochokera ku Musika inkadutsa pakhomo pa holoyo.

Atayamba kuimba, kalanga ine, zinkamveka ngati amphaka atsekeredwa m'chitini. Ana anayamba kuseka, akulu kuyang'ana pansi. Jaime anawaponda phazi kuti asiye, koma Bambo Yosiya anapitiriza, thukuta kamukamu, maso ali kukhomo. Nyimbo yoyamba inatha, yachiwiri inayamba, kukhomo kulibe munthu. Mtima unawawawa, ndipo anayamba kuvomereza kuti angodzichititsa manyazi pachabe.

“Nsambo yachitatuyo! Yatsika, bambo ake Hector! Kodi mukufuna anthu azitiseka?”

Anali Mayi Lidiya, dengu lili m'manja, nkhope ili gwaa. Magitala anaima. Mayiwo anadutsa pakati pa anthu mpaka pa benchi yawo ija, n'kukhala. Poyamba liwu linakana, linangotuluka losasa n'kuduka. Anayesanso, ndipo linabwera lomwe lija lakale.

Bambo Yosiya anagwira kachitsulo. Anapotokola, kuyang'ana nkhope: tsinya panalibe, kumwetulira panalibenso, misozi yokhayokha. Bambowo anasowa poimira. Anangopotokolabe pang'onopang'ono, naonso maso atadzaza, mpaka akazi awo anagwedeza mutu.

“Pomwepo,” anatero Mayi Lidiya, akupukuta m'maso ndi nsonga ya duku. “Mwanayo tsiku lobwera adzayamba kumva gitala asanatione. Asadzamve zosokonekerazi n'kuganiza kuti amake anafa.”

Atatero anaika dengu lija pabenchi, pambali pawo, malo okwana munthu mmodzi. Holo inali yodzaza, ena ataimirira m'mbali mwa khoma, koma palibe amene anapempha kuti alichotse. Lamulungu lililonse mpaka nkhondo kutha, dengulo linkakhala pomwepo.