Mayi Ndikumva ndi Ambulansi Yotsala Imodzi

Pa benchi yakumbuyo m'tchalitchi chathu, pafupi ndi chitseko, pankakhala mayi wofatsa amene tonse tinkawatchula kuti Mayi Ndikumva. Dzinali analitola kuntchito, ndipo lenileni ambiri tinaliiwala.

Anabadwira m'banja la wosoka nsapato. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, bambo awo anayamba kugwira pamimba uku akusoka. "Ndi mpweya chabe, musandivutikire," ankatero. Patapita masiku awiri anamwalira, ndipo mawu amenewo anamukhala mwanayo mumtima moyo wake wonse.

Atakula analembedwa ntchito m'chipinda cholandirira mafoni angozi, momwe munali tebulo, mapu pakhoma ndi wailesi yolankhulirana ndi oyendetsa ambulansi. Foni iliyonse ankaiyankha kuti, "Ndikumva, pitirizani." Asanakhale pampando ankapemphera mwachidule: "Ambuye, nditsekuleni makutu. Pakamwa mpotseguka kale."

Anali ndi kachitidwe kawo. Akamva kuti wokalamba akudwala m'mimba, sankakhutira ndi mawu a woimbayo. "Apatseni foni eni ake," ankatero, n'kufunsa mosathamanga. Ululu wayamba mwadzidzidzi? Ukufika kumsana? Mimba yalimba? Anzawo ankawaseka kuti akucheza ndi nkhalamba pa foni ya ntchito. Iwo ankangoti, "Wachinyamata ululu amaulira. Wachikulire amaupepesa."

Chiyeso chawo chinadza Lachiwiri lina masana, ambulansi itatsala imodzi. Kapitawo wa omanga nyumba anaimba kuti mmisiri wagwa pamakwerero ndipo wathyoka mwendo. Kuseri kwa mawu a kapitawoyo kunkamveka kulira, ndipo Mayi Ndikumva anakuzindikira. Anali mwana wawo mmodzi yekhayo. Anafunsabe monga mwa masiku onse, ndipo anamva kuti akupuma bwino, akulankhula, magazi sakutuluka.

Pomwepo foni ina inalira. Anali mayi wina, akuti apongozi ake aamuna akudandaula m'mimba.

"Pepani amayi, anawa ndi amantha," anatero mkuluyo atalandira foni. "Ndi mpweya chabe."

Koma ululuwo unali utayamba mwadzidzidzi n'kulasa kumsana, thukuta lozizira lili chuchuchu, ndipo poimirira anali atachita chidima. Mayi Ndikumva anagwira wailesi. Ine wolemba ndine kholo, ndipo ndikuvomera kuti sindikanatha. Iwo anatumiza ambulansi kwa mkuluyo. Anauza mpongozi kuti awagoneke pansi, asawapatse chakudya, madzi kapena mapiritsi. Kenaka anapempha kapitawo kuti mwendowo asaugwedeze, adikire ambulansi ina ibwerere.

Omangawo sanadikire. Anamunyamulira mmisiriyo pa lole ya mchenga, ndipo mwendowo unapola mokhota. Mkulu uja madokotala anamupeza mtsempha waukulu wam'mimba ukudontha magazi. Anamuchita opaleshoni, n'kukhalanso ndi moyo zaka zambiri.

Mwanayo atatuluka m'chipatala anangonena kamodzi: "Munamva kulira kwanga, amayi. Munakumva!" Kuchokera apo phazi lake silinapondenso pakhomo pawo kwa zaka zisanu ndi zinayi. Mayi Ndikumva sanadziteteze. Amayi amumpingo akawaumiriza kuti akam'fotokozere, ankayankha kuti, "Wotsimphina ndi iye. Ndikam'phunzitse chiyani za mwendo wake?" Ankangomutchula dzina m'pemphero tsiku lililonse. Atapuma ntchito ankasesa m'tchalitchi ndi kuyendera odwala, osadandaulira munthu.

Loweruka lina m'mawa, mkazi wa mmisiriyo anamukakamiza kuti akakonze denga la amayi ake lomwe linkadontha. Anapita monyinyirika, koma anawapeza atatsamira khoma, manja pamimba, nkhope ili thukuta lokhalokha.

"Ndi mpweya chabe, mwanangu," anatero. Ukalamba ulibe katswiri!

Mmisiriyo anaimba foni. Woyankha anali mayi amene Mayi Ndikumva anamuphunzitsa ntchito.

"Apatseni foni eni ake," anatero woyankhayo.

Mafunso atatha, mmisiriyo anabweza foni kukhutu, ndipo anamva mayiyo akulankhula pa wailesi: "Yatsala yanuyo yokha. Wothyoka mkono uja akupuma bwino, adikire. Thamangirani kwa agogowa."

Mmisiriyo, munthu wamkulu, anakhala pansi, mwendo wokhota uja uli tambalale, n'kulira ngati kamwana.

Opaleshoni inawapatsa Mayi Ndikumva milungu itatu ya moyo, ndipo mwana wawo sanachoke pambali pa bedi. Tsiku lomaliza, atapemphereredwa, iye anawagwira dzanja.

"Amayi, ndili ndi mawu, koma akundikanika."

"Ndikumva, mwanangu," ananong'ona. "Ndakhala ndikumva."

Anatseka maso mwamtendere dzuwa likulowera pawindo, ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi. Mulungu awalandire mtumiki wake. M'chipinda cha mafoni chija mpaka lero amapempha kulankhula ndi eni ake ululu. Ndipo mukamalowa m'tchalitchi Lamlungu, muziyenda mosamala pa benchi yakumbuyo, chifukwa pali bambo amene mwendo wake supindika bwino, ndipo wakana kukhala pena paliponse.