Tizilombo ta Manja Anayi pa Windo Lathu

Mpaka lero ndikamva fungo la tinala ndimabwerera m'kachipinda kathu ka ku Mufakose, mu mzinda wa Harare, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuwotcha malata mpaka kumalira. Tinkachita lendi zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya Mai Rudo, mayi wamasiye wa Chishona wokonda kupemphera, amene ankasesa bwalo ngakhale palibe chosesa. Inali nyengo ija mashelefu a m'masitolo anali mbee, anthu n'kumaima pamzere asanafunse n'komwe kuti kukugulitsidwa chiyani. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo pakamwa panga sipankatseka.

Bambo anapenta magalimoto ku Willowvale zaka zambiri mpaka ntchito inatha. Anakhala pakhomo miyezi ingapo akungoyang'ana manja awo. Kenako mlamu wawo, amene ankasamala maluwa kumayadi, anabwera ndi katoni. Bwana wake ankasewera ndi anzake masewera ankhondo apatebulo, a asilikali a kumaiko a nyenyezi. Azibambo andevu zawo, akuponya madayisi ndi kuyeza ndi tepi kuti msilikali ayende mpaka pati. Tsono kunali kutatuluka gulu latsopano lowonjezera pa masewerawo, bwanayo n'kuliguladi ku Joni, koma maso ake anali atafooka. Ankafuna munthu wodziwa penti.

M'katonimo munali tizidutswa ta pulasitiki totuwa, tolumikizana ngati minga ya nsomba. Bambo ankadula ndi lezala n'kumata ndi guluu, mutu apa, mfuti apo. Pomaliza pankatuluka kachilombo kotalika ngati chala changa, ka manja anayi, mutu wosongoka, mano ali panja. Burashi anaimeta mpaka kutsala tsitsi lowerengeka, ndipo popenta diso ankaleka kupuma. Amayi ankati munthu wamkulu wayamba masanje. Koma mlamu uja atabwera ndi botolo la mafuta ophikira, shuga ndi sopo zochokera kwa bwana wake, mawu amenewo sanamvekenso.

Tizilombo totha kupenta tinkauma pawindo, kuseri kwa katani. Pakhomo pathu panayamba kutuluka fungo la anyezi wokazinga pamene mzere wonse wa nyumba zathu unkadya masamba owiritsa. Ndiye kumjigo anzanga atandifunsa komwe tapeza mafuta, ndinadzimva. Ndinati bambo ali ndi tianthu ta manja anayi tochokera kumwamba, ndipo mafutawo amabwera chifukwa cha timeneto. Kunena zoona sindinaname, koma ndikanangotunga madzi anga n'kumapita.

Ku Harare chinthu chotere chili ndi dzina lake: chikwambo, kanthu kamene munthu amaweta mobisa kuti kazimukokera chuma cha anzake. Ndipo ife tinali ochokera ku Malawi, anthu amene ankanong'onezedwa kale kuti amadziwa mankhwala, ngakhale tinabadwira konko. Pasanathe masiku awiri anzanga analeka kusewera nane. Patapita masiku atatu Mai Rudo anagogoda koma anakana kulowa. Anati pofika kumapeto kwa mwezi tikhale titasamuka, chifukwa nkhuku zawo ziwiri zafa ndipo sangakhale bwalo limodzi ndi zinthu zimenezo.

Amayi anangokhala pansi pasimenti. Kopita kunalibe. Makolo a bambo anachoka ku Dedza kalekale n'kukafera pa famu ya fodya imene tsopano inali ya ena, ndipo kwathu kunali zipinda ziwiri zomwezo. Ndinaulula zonse ndikulira, ndikudikira lamba. Bambo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Esinati, pukuta misozi. Mawa tebulo lituluke panja."

M'mawa mwake linali Loweruka. Anaika tebulo pansi pa mtengo wa mapeyala, pafupi ndi geti pamene ankadutsa aliyense wokakwera kombi, minibasi za kumeneko. Anandandalika gulu lonse, tina topenta, tina totuwa, tina topanda mitu, ndi katoni yake yazithunzi pambali. Kenako anakhala pansi n'kuyamba kupenta ngati palibe wowaona. Anthu anaima patali, kenako anasendera. Mai Rudo anatuluka atavala duku loyera, Baibulo lili m'khwapa.

"Mai, tengani kamodzi mukaone bwino," anatero bambo, maso ali pa burashi.

Anazengereza, kenako anatola kamodzi ndi nsonga ya chitenje. Guluu anali asanaume. Mkono umodzi unathothoka n'kugwera m'fumbi, mfuti yake ili m'manja. Mai Rudo anayang'ana pansi, anayang'ananso bambo, nkhope ili ngati ya mwana amene waswa kapu ya alendo.

"Maiwe, ndakuwonongerani ntchito, baba a Esinati," anatero. Anapatsira ine Baibulo, n'kugwada kuyamba kufufuza m'fumbi. Bambo wina wogulitsa tomato anafunsa kuti ndi chikwambo chanji chothyoka ndi chitenje, ndipo anthu anaseka mpaka ena kugwira geti. Mkonowo utapezeka, bambo anga anapatsa Mai Rudo guluu kuti amate okha. Anaumata mozondotsa, mfuti italoza kumbuyo, ndipo iwonso anaseka mpaka kupukuta misozi ndi duku.

Za kumapeto kwa mwezi sizinatchulidwenso. Masana amayi anandituma ndi kapu ya mafuta kunyumba yaikulu, ndipo inalandiridwa ndi manja awiri. Ndikubwerera ndinamva miyendo yanga itapepuka, mtima uli m'malo koyamba sabata imeneyo. Ndinadya ngati munthu wochokera kuulendo.

Pa nthawiyo ndinkaganiza kuti bambo anatulutsa tebulo kuti aonetse luso lawo, ndipo ndinawanyadira kwambiri. Ndinali wamkulu kale pamene amayi anandiuza kuti wopenta weniweni sapentera panja mu Okutobala, chifukwa fumbi limamatirira pa penti yaiwisi. Tizilombo tonse ta tsiku limenelo bambo anatipala n'kuyambiranso, sabata yathunthu, osandiuza ngakhale liwu limodzi. Ankadziwa kuti ntchitoyo iwonongeka asanatulutse n'komwe tebulo. Anangoona kuti pakati pa penti ndi pokhala pathu, penti ndi imene akanatha kuyambiranso.