Bakha wa Atate ndi Mtedza wa Amayi

Ndikukumbukira fungo la ku Wusakile mphepo ikachokera ku mgodi, utsi wokanda pakhosi uja tinkautchula kuti senta. Chaka chimene mgodi unagulitsidwa, utsi sunasiye kutuluka, koma Atate anasiya kupita kuntchito. Anali a mu ofesi ya makompyuta. Atawachotsa, ankangokhala pansi pa mtengo wa mapeyala tsiku lonse, wailesi ili pamwendo osaitsegula. Ine ndinali kamtsikana ka mkamwa mosatseka, ndipo chete wawoyo ankandiopsa kuposa chikwapu.

Tsiku lina anatulukira ndi kompyuta yakale, yachikasu ndi ukalamba, n'kuiika pakhonde kuti anyamata a m'komboni azidzasewerapo magemu. Anaikamo pulogalamu yoyendetsa kompyuta yaulere, yopangidwa ndi anthu ongodzipereka a m'mayiko osiyanasiyana. Ikamayaka inkaonetsa kambalame konenepa, kakuda ndi koyera pamimba. Ife tinali tisanaonepo mbalame za kumadzi oundana, choncho tinagamula kuti ndi bakha.

Mfumu ya magemu kwathu inali Chanda, mnyamata wa makutu otambalala amene sankagonja pa mpira wa pakompyuta ku kashopu ka kumsika wa Chisokone. Anabwera ndi gulu lake, CD ya mpira ili m'thumba. Anailowetsa, bakha anangomuyang'ana. Anailowetsanso ataipukuta pamalaya, zii.

"Awe ba Tembo, ivi ni va maprofesa," anatero Chanda kwa Atate. "Vamahala sivisebenza."

Ankatanthauza kuti zaulere sizigwira ntchito. Anachoka akuseka, ndipo kuyambira tsikulo ndikadutsa pamsewu ankandilirira kwaa kwaa. Kusekedwako ndinkakupirira. Chimene chinkandiwawa n'chakuti madzulo ake Atate anabwerera pansi pa mtengo paja.

Ndinawavutitsa mpaka tinakwera minibasi kupita m'tauni, kumene kunali malo olipira Intaneti. Kumeneko analemba funso lawo pa bwalo la anthu okonda bakha uja. Koma nkhani inatitsogolera kunyumba. Masiku amenewo chilichonse chaulere chochokera kwa anthu osaoneka nkhope ankati n'cha usatana, ndipo Amayi anali atamva kale kumsika. Tinawapeza ataima pakhonde ndi botolo la madzi odalitsidwa. Atate anadumpha ngati goloboyi n'kukumbatira kompyuta, madzi onse n'kuthera padazi pawo. Ine ndinaseka mpaka m'nthiti kuwawa, ndipo Amayi anati zili bwino, mwina wofunika kudalitsidwa anali yemweyo.

Titabwererako m'tauni tinapeza yankho. Munthu wina wakutali, wodzitchula dzina loseketsa la nsomba, anafotokoza moleza mtima chochita. Mpira wa Chanda ayi, sukanatheka, ananena mosabisa. Koma anatilozera gemu ina, ya bakha yemweyo akutsetsereka chamimba paphiri la madzi oundana, akutola nsomba. Tinaitengera kunyumba pa CD.

Kuti Amayi amvetse, Atate anawauza kuti anthuwo ali ngati a mphakati wa kutchalitchi kwathu, amene amabwera ndi nkhuni pamaliro popanda wowalemba ganyu. Apa Amayi anasintha nkhope. Kwathu ku Katete mnansi akakupatsira ndiwo, mbale yake subweza yopanda kanthu. Anakazinga mtedza umene unachokera kumudzi, nauthira mchere, naumanga m'pepala.

"Mukam'patse munthu wa nsombayo," anatero.

Atate anaseka. Anaseka mpaka kukhala pansi, akupukuta misozi ndi tayi yakale imene ankavala popita m'tauni. Ndinali nditaiwala kuti ali ndi mpata pakati pa mano. Anafotokoza kuti munthuyo alibe keyala, mwina ali kutsidya kwa nyanja.

"Ndiye mupeze njira ina, a Tembo. Musatichititse manyazi."

Njira inapezeka. Pa bwalo lija panali ena ofunsa zinthu zimene Atate ankazidziwa, ndipo Loweruka lililonse ankasita malaya n'kupita kukawayankha. Ankabwerako akulankhula okha mumsewu, mpando wa pansi pa mtengo n'kusanduka wa nkhuku.

Mtedza uja sunawoloke nyanja. Fungo lake linakoka Chanda, amene analengeza pageti kuti wabwerera mtedza basi, magemu a makanda alibe nawo ntchito. Anagwira makiyi a kompyuta kuti angotisonyeza kupusa kwake, ndipo dzuwa linapendeka asanawasiye. Bakha wake ankangogunda mitengo. Ine amene ndinali nditayeserera mlungu wonse ndinam'pitirira anzake akuonerera, ndipo pomaliza ndinam'lirira kwaa kwaa mokweza ndithu.

Lero magemu ali m'foni, ndipo mwana wanga amasewera ndi anzake a ku Ndola ali chigonere pabedi. Akaona bakha pakompyuta yanga amakwinya mphuno n'kunena kuti ndi za maprofesa, mawu a Chanda enieni, ngakhale sanakumanepo. Sindimutsutsa. Atate anatisiya, mtengo wa mapeyala unadulidwa, ndipo munthu wa nsomba uja sitinamudziwe nkhope mpaka pano. Koma Loweruka likafika ndimatsegula bwalo, n'kufufuza amene wafunsa funso lopanda womuyankha. Mbale ija tikubwezabe.