Ndinasankha tabuleti yakuda

Lamlungu, 5 Januwale

Ndakhala pakhonde la kuseri, kope lili pamaondo, mvula yangokata kumene. Amayi ndi mng'ono wanga Tiyamike apita kutchalitchi. Ine ndanena kuti mutu ukundipweteka. Sukupweteka ayi, kungoti ndatopa kumwetulira anthu akamandifunsa kuti ndabwera nazo zotani za m'tauni. Mawa sukulu zitsegulira. Ndikufuna ndilembe zonse mwatsatanetsatane, mwina ndikaziona papepala zileka kundizungulira m'mutu.

Zaka ziwiri zapitazo, mwezi ngati uno, ndinali Fomu 3 pa sekondale yoyendera ya kufupi ndi Chonde. Fizi ya teremu yachiwiri inasowa. Amayi amathyola tiyi ku esiteti, ndipo chichokereni bambo kupita ku Mozambique, dengu la amayi lokha ndilo limatidyetsa atatufe. Azakhali anga a ku Bangwe anaimba foni kuti ku Namiwawa kuli banja lomwe likufuna mtsikana wolera mwana. Palibe anandikakamiza. Ndinawauza ndekha amayi tikupalira chimanga, kuti ndipite ndikagwire chaka chimodzi, ndizitumiza ndalama, ina azidyera, ina azindisungira ya sukulu. Iwo anapitiriza kupalira mpaka mzere unatha. Ataweramuka anangondifunsa ngati ndili ndi chikwama chonyamulira zovala.

Ku Blantyre ndinapatsidwa kachipinda ka kuseri kwa khitchini. Amadamu sanali munthu woipa. Sanandikalipirepo pagulu, ndipo sopo ankandigulira. Koma tsiku linkatha osamva munthu akunditchula dzina pokhapokha akafuna kundituma. Mpanda unali wautali, ndipo phiri lathu silinkaoneka. Ndinkadya onse akatha kudya, nditaima pafupi ndi sinki, ngakhale panalibe amene anandiletsa kukhala pansi. Lamlungu masana ndinkaimbira kunyumba. Nthawi zambiri kafoni ka amayi kankakhala kozima, chifukwa kutchajitsa kwake kunali kwa pa Chonde. Ikalowa, nkhani inali yomweyo: tili bwino, wadya, uzipemphera. Inenso ndinkayankha kuti ndili bwino. Kuti ndimalira ndikamachapa matewera sindinawauzepo, ndinkauza kope lino.

Mwezi ukatha ndinkatumiza ndalama kudzera kwa ejenti wa pamsewu. Chaka chitatha zinthu zinali zitakwera mtengo, ndinaona kuti zimene ndatumiza sizingandifikitse ku mayeso a Fomu 4. Ndinakhalanso chaka china. Cha pakati pa chaka chachiwiricho amayi anandiuza akuseka kuti agula kanthu, ndidzaona ndikadzabwera. Ndinkaganiza kuti ndi mbuzi. Ndinaonanso kuti foni yawo yayamba kulowa Lamlungu lililonse, koma sindinafunse chifukwa chake. Ndinkangosangalala kuti yalowa.

Kunyumba ya abwana kuja kunali ana awiri, Natasha wa Fomu 2 ndi Wezi wa zaka zinayi, amene ndinkamulera. Aliyense anali ndi tabuleti yake. Ya Natasha inali yoyera, ya Wezi yakuda. Poyamba ndinkangozipukuta fumbi. Tsiku lina Natasha anandipeza ndikusuzumira masamu ake, nandifunsa ngati ndikuwadziwa. Ndinamuonetsa pamene analakwitsa. Kuyambira tsiku limenelo ankandisiyira tabuleti yake akamapita kusukulu, ndipo Wezi akagona masana ndinkaphunzira. Amadamu atadziwa sanakwiye. Anauza Natasha kuti andiyikire mapulogalamu a maphunziro mu yakuda muja momwemonso.

Ndi pamene ndinadziwa kuti matabuleti sali amodzi ngakhale amafanana kunja. Natasha anati iliyonse ili ndi sisitimu yake ndi sitolo yake ya mapulogalamu, za mu yoyera sizingalowe mu yakuda. Mapulogalamu a mu yoyera anali abwino kwambiri. Munali mtima wa munthu umene unkagunda ndikuuona, ndikaugwira ndi chala unkatembenuka, n'kundionetsa kumene magazi akulowera ndi kumene akutulukira. Zimene aphunzitsi athu ankajambula ndi choko kwa sabata yonse ndinazimvetsa masana amodzi. Masamu ankandiyendetsa sitepe ndi sitepe, ndikalakwitsa ankandibweza pomwepo. A mu yakuda anali ndi mitu yomweyo, koma ankangoima pakati pa phunziro, mawu a mphunzitsi ankatsalira m'mbuyo, ndipo pakangopita kanthawi pankatulukira zotsatsa malonda. Kawiri ndinapeza yankho lolakwika m'mafunso ake.

Koma batire. Yoyera ija inali yakale, moto unkatha ngati madzi a m'ndowa yobooka. Yakuda inkakhala masiku.

Mu Novembala amadamu anandiitana pabalaza. Abwana anali atapeza ntchito kunja, onse asamuka Khirisimasi isanafike, ndipo ana awagulira matabuleti atsopano. Anati poti ndimakonda sukulu, ndisankhe imodzi mwa ziwirizo, inayo apatsa mwana wa mchemwali wawo. Anandipatsa sabata yoti ndiganize.

Sindinaganizepo chinthu mofatsa ngati mmene ndinaganizira chimenechi. Masamba ake alipo m'kope muno, ndawawerenganso m'mawa uno. Lolemba ndinazitchaja zonse mpaka kudzaza, n'kumazigwiritsa ntchito mofanana. Yoyera inazima Natasha asanaweruke. Yakuda inafika Lachitatu madzulo ikadali ndi moto. Ndinabwerezanso kuopa kuti mwina ndalakwitsa, zinatuluka chimodzimodzi. Ndinaonanso za tchaja. Yoyera inali ndi kachingwe kakekake, kakangoduka basi, pamene yakuda inkalola tchaja ya foni wamba, imene ingapezeke pabenchi iliyonse pa Chonde. Ndinkatseka maso n'kuona nyumba yathu: koloboyi pawindo, ulendo wa ola lathunthu kukatchajitsa, kudikira, kubwerera. Ndinadzifunsa kuti mphunzitsi wabwino amene amabwera kamodzi pa sabata ndi mphunzitsi wachibwibwi amene amabwera tsiku lililonse, wothandiza ndi uti.

Nditanena kuti ndatenga yakuda, Natasha anandiyang'ana modabwa.

"Anti Esime, imeneyo ndi ya makatuni a Wezi. Tengani yanga, zonse ndinadawuniloda kale, zili momwemo."

"Kwathu kulibe magetsi," ndinatero.

Mawu akuti kudawuniloda ndinali nditawamvapo, koma tanthauzo lake lenileni sindinkalidziwa. Ndinachita manyazi kufunsa mwana amene ndinkamuchapira yunifolomu. Kunyumba kuja magetsi akazima, makina ena ankayaka okha, ndiye intaneti sinkadukapo. Ine ndinkaona ngati maphunziro onse amakhala m'kati mwa tabuleti, monga mmene masamba amakhalira m'buku. Amadamu anafunsa ngati ndatsimikiza. Ndinagwedeza mutu. Anaikulunga m'thaulo, n'kundiyikira pakati pa zovala.

Ndinatsika minibasi pa Chonde patatsala masiku atatu kuti Khirisimasi ifike, n'kukwera kabaza. Tiyi anali atabiriwira mbali zonse, phiri litavala mtambo mpaka m'chiuno, ndipo ndinkamva ngati chifuwa chatseguka. Titakhota pa mango a kwa aneba, ndinaona chinthu chikunyezimira padenga pathu. Ndinaganiza kuti wakabaza wasochera.

Inali sola. M'nyumba munali batire lalikulu pansi pa tebulo, babu likulendewera pa mtanda, ndi mafoni a anthu a m'mudzi atandandalikidwa pa thireyi, iliyonse ndi kachingwe kake. Amayi anandigwira dzanja n'kundiyatsira babu masana dzuwa likuswa mtengo, kuti ndione.

"Kanthu kaja ndi aka," anatero. "Mwana wanga wabweretsa magetsi pakhomo pano."

Ndinaseka nawo. Ndinawayamikira. Mumtima ndinkangoona tabuleti yoyera ija, ndi malo opanda kanthu pa thireyi pamene ikanakhala.

Mawa lake ndinatsegula yakuda kuti ndimuonetse Tiyamike phunziro la mtima. Panangobwera kamkombero kozungulira. Ndinatseka, n'kutsegulanso. Masamu chimodzimodzi, Chingelezi chimodzimodzi. Tiyamike, amene sanagonepo m'tauni, ndiye anandiuza kuti ikufuna intaneti. Khirisimasi itadutsa ndinapita nayo kwa bambo wina wokonza mafoni pa Chonde. Anaitembenuza uku ndi uku, nati ilibe polowetsa simu khadi, siingagwire ntchito mpaka nditapeza foni yaikulu yoti izigawira intaneti. Anatinso mapulogalamu amenewa sasunga kanthu, phunziro lililonse limachita kubwera pamphepo, ndipo mavidiyo amadya bandulo moti kwa mwezi umodzi bola kulipira fizi. Ndinamufunsa za mtundu woyera uja. Anati ngati maphunziro anali atasungidwa kale, ikanagwira ntchito ngakhale pamwamba pa phiri. Kenako anafunsa ngati andiyikiremo mafilimu ndi nyimbo, poti batire lake ndi labwino zedi. Ndinathokoza n'kutuluka. Ndinayenda wapansi mpaka kunyumba kuti pofika maso akhale atauma.

Ndinadzitonthoza kuti palibe kanthu, anzanga amakhoza ndi makope okha. Chachikulu ndi kubwerera m'kalasi. Koma masiku ankapita amayi osatchula za sukulu. Ndinkati ndifunsa mawa, mawa likafika ndinkati mawa. Lachisanu lapitali ndinaona Tiyamike akusita yunifolomu. Inali yanga, siketi atapinda m'munsi. Iye anakhoza Sitandade 8 n'kusankhidwira pa sekondale yanga yomweyo, zimenezo ndinkazidziwa ndipo ndinanyadira. Koma kuona siketi ija kunandipatsa mphamvu yofunsa.

Amayi anali kuseri akusadzula masamba a chinangwa. Ndinakhala nawo pansi n'kuyamba kuwathandiza. Ndinafunsa motsitsa mawu ngati ndalama ya sukulu ija ilipo, kuti Lolemba ndikaonane ndi ahedi. Manja awo anaima.

"Unati chaka chimodzi, Esime. Chaka chinatha, sunabwere. Pafoni unkangoti ndili bwino, ndili bwino. Ine ndinati mwana wazolowera tauni, za sukulu wazisiya, akuchita manyazi kundiuza."

"Ndinakhalira kuti ndalama ikwane, amayi."

"Ukanandiuza, mwanawe."

Ndikanawauza. Iwonso akanandifunsa. Zaka ziwiri tinkalankhulana Lamlungu ndi Lamlungu, aliyense akuopa kumulemetsa mnzake mtima.

Anafotokoza kuti Tiyamike maso ankamupweteka ndi utsi wa koloboyi pokonzekera mayeso, ndipo mayi wina wa kutchalitchi ankagulitsa sola yake posamuka. Amayi anatenga zonse zimene anandisungira n'kuigula. Tsopano timakobiri ta otchajitsa mafoni ndito timagulira mchere ndi sopo, n'kuthandizira fizi ya Tiyamike. Sanapepese, ndipo ine sindinafune kuti apepese. Ankalankhula akuyang'ana m'lichero. Ndinaona mmene zala zawo zathetheka ndi tiyi, ndipo mkwiyo umene ndinkaufunafuna sunabwere. Ukanabwera mwina ndikanapepukidwa.

Tiyamike anamva zonse ali pawindo. Dzulo tikutunga madzi anandiuza kuti tigulitse sola, kapena iye ayambe wakhala chaka chino ine ndimalize. Ankanena akulira. Ndinamuuza kuti asadzanenenso zimenezo, ngakhale kwa amayi. Akangokhala pakhomo teremu imodzi, azakhali a ku Bangwe aimba foni, ndipo ndikudziwa kachipinda kamene akagonemo. Ndinafunsanso za mtengo wa tabuleti kwa wokonza mafoni uja. Anati yopanda simu anthu kuno saifuna, zimene angandipatse sizingakwane ngakhale theka la teremu.

Chimene chikundipweteka sindikudziwa kuti ndichitchule bwanji. Palibe amene anandilakwira. Kunyumba kuno zinthu zili bwino kuposa mmene ndinazisiyira: kukuwala, Tiyamike ali ku sekondale, anthu amalowa pakhomo pathu akuodira mwaulemu foni ili m'manja. Zonsezi zachokera m'manja mwanga, aliyense akutero. Koma pamene ndinkakhala ine panatsekeka bwinobwino, ngati mmene tiyi amatsekera pamene pathyoledwa. Ku Namiwawa ndinkawerenga masiku ndikuganiza kuti kwathu kukundidikira momwe ndinakusiyira. Ndinakhala sabata yathunthu ndikuyeza mabatire chifukwa cha nyumba ya koloboyi, pamene nyumba imeneyo inali itatha kale miyezi isanu m'mbuyomo.

Tabuleti ili pambali panga pano. Chibwerereni ndaitchaja kamodzi kokha, ndipo moto udakalipo woposa theka. Palibe choti ndingatsegule. Nthawi zina ndimangoiyatsa n'kuyang'ana zithunzi za Wezi zimene anadzijambula yekha, mphuno yokha, diso limodzi, denga. Ndimamusowa mwana uja, ndipo mwina iye wandiiwala kale. Ndimayesa kukumbukira phunziro la mtima lija, magazi amalowa mbali iti n'kutuluka mbali iti. Sabata yatha ndinkakumbukira zonse. Lero ndasokoneza mbali ziwiri, ndipo ndilibe poti ndione.

Ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Anzanga amene ndinali nawo m'kalasi analemba mayeso, ena ali pabanja. Amayi akuti mvula ino tiyi waphuka kwambiri, ku esiteti akulemba anthu aganyu mpaka mwezi wa Epulo. Akuti ndikalimbikira mwina ndingasunge kena kake n'kudzayambanso mu Seputembala. Mawu amenewa ndikuwadziwa, ndi omwe ndinanena ine m'munda muja. Sindinawatsutse.

Ndikumva mawu awo kumsewu, akubwera. Mawa ndidzuka limodzi ndi Tiyamike, ndimumangira tsitsi, ndimuperekeza mpaka pamphambano. Iye akakhotera kusukulu, ine nditsatira amayi kwa akapitawo kukalembetsa dzina.