Tsiku Limene Ndinazimitsa Fayawolo

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kukwaya. Abambo Mhango, amene ankaimba besi kutchalitchi kwathu ku Area 25, anamva kuti ndili ndi dipuloma ya makompyuta koma ndikungogulitsa mayunitsi pamsewu. Iwo ankasamalira netiweki ya kachipatala kena koyima pakokha ku Kawale. Anati andiyesa miyezi itatu, ndipo netiweki ikadzagona tsiku lathunthu m'manja mwanga, ndidzabwerere kumayunitsi.

Kunena zoona, dipuloma ija inandinamiza. Kusukulu seva, kompyuta yaikulu yosunga mafayilo onse, tinkaiona pabolodi. Kuno inali m'kachipinda kotentha, nthambo zitapiringizana ngati mizu ya nsungwi. Ndinkamanga mitu ya nthambo, kuziyesa ndi tesita, ndi kugwedeza mutu Abambo Mhango akamafotokoza zinthu zimene sindinkazimva n'komwe.

Sabata yomaliza ya miyezi itatuyo iwo anapita kumaliro ku Rumphi. Lachiwiri m'mawa, kompyuta ya kulabu, koyezera magazi, inakana kulumikizana ndi seva. Ndinaizimitsa n'kuiyatsanso, inagwira. Ndisanakhale pansi, ya kogawira mankhwala inafa. Ndikatumiza pingi, kauthenga koyesera kulumikizana, kuseva, kompyuta ina inkayankhidwa, yoyandikana nayo kuli zii. Ndinasintha nthambo, ndinasintha mabowo paswichi, kabokosi kolumikizira nthambo zonse, ndinayatsanso seva. Vuto linkangosamuka chipinda.

Mutu unaima. Foni ya Abambo Mhango inali yozimitsa, ndipo ndani angaimbire munthu ali kumanda? Anamwino anayamba kuthamanga ndi zotsatira za magazi papepala. Mmodzi anandisuzumira: "Achemwali, tidikire mpaka liti? Odwalatu adzaza pabenchi."

Apa ndinachita chinthu chopusa. Ndinaganiza kuti fayawolo, imene imatchinga anthu akunja kuti asalowe mu netiweki, ndiyo ikutsekereza. Ndinaizimitsa yonse. Maola awiri anadutsa, palibe chinasintha. Ndinaiyatsanso misozi ili m'maso.

Cha m'ma 2 koloko, nzeru zitatha, ndinangoyamba kuwerenga manambala a IP, amene kompyuta iliyonse imadziwika nawo pa netiweki. Athu ankayamba ndi 10. Makompyuta odwalawo anali ndi oyamba ndi 192. Ndiye kuti panali chinthu china chimene chinkagawa manambala mopikisana ndi seva. Koma chiti? Ndinakwawa pansi pa matebulo kulondola nthambo, siketi yonse fumbi, mpaka mu ofesi ya Amayi Gondwe, eni chipatalacho. Pashelefu panali karauta, kachipangizo kogawira intaneti, katsopano koyera, atakafunditsa kansalu koluka. Mwana wawo anawatumizira, ndipo amayiwo anakalumikiza okha dzulo lake kuti antchito azipeza intaneti yamphamvu.

Tsono eni ake ungawauze bwanji kuti mphatso yawo ndiyo yagwetsa chipatala? Ndinagwada.

"Amayi, kachipangizo aka n'kabwino ndithu, koma kakulimbana ndi seva. Ndingakachotse kaye?"

"Iii, mwana wanga! Bwanji sunafunse m'mawa? Ndakhala ndikukuona ukungodutsa, thukuta lili kamukamu."

Ndinazula nthambo, n'kuyatsanso makompyuta. Onse anagwira.

Abambo Mhango atabwera ndinawafotokozera zonse, za fayawolo zomwe. Za karauta anaseka. Zinazo sanaseke.

"Iwe, wasiya mafayilo a odwala pambalambanda maola awiri chifukwa chochita manyazi kufunsa?"

Sanandichotse, koma anandiwonjezera mwezi wina woyesedwa, ndipo ntchito yoyamba inali kukhala nawo masiku awiri tikufufuza m'kaundula wa seva ngati wakunja analowa. Mwamwayi sitinapeze kanthu, koma manyazi a masiku amenewo ndimawamvabe.

Paja amati safunsa anadya phula. Ine ndinalidya lonse. Mpaka lero, netiweki ikavuta sindithamangira kiyibodi. Ndimayamba ndazungulira zipinda, kuyambira kwa alonda mpaka kwa abwana, n'kumafunsa aliyense kuti, "Pepani, mwalumikiza chiyani chatsopano kuyambira dzulo?"